Mafuta a wansembe, a akulu a mpingo kapena a m'botolo la mneneri: wodwala wanu adzozedwe ndi ati?

Matenda akakula pakhomo, nkhani ya mafuta siichedwa kutuluka. Mabanja athu ambiri ndi osakanikirana: mayi ndi Mkatolika, bambo ndi a CCAP, mwana wamkazi amapemphera ku felowushipi, alamu ndi a Seventh Day. Wodwala ali gone pamphasa kapena pabedi la kuchipatala, ndipo aliyense akubwera ndi nzeru yake. Wina akuti tiitane ansembe adzamudzoze. Wina akukaniza, ati ansembe akafika ndi mafuta ndiye kuti munthuyo tamutaya. Wina watulutsa kale m'chikwama kabotolo kamene adagula ku msonkhano wa mneneri. Onsewa akumufunira zabwino wodwalayo, koma zimene akuzitcha mafuta oyera si chinthu chimodzi, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukudziwa mitu isanatenthe.

Mipingo yonse imatsamira pa kalata ya Yakobo 5:14-15. Pamenepo akuti wodwala aitane akulu a mpingo, iwowo amupempherere atamudzoza mafuta m'dzina la Ambuye, pemphero lachikhulupiriro lidzamupulumutsa, Ambuye adzamudzutsa, ndipo ngati adachimwa adzakhululukidwa. Maliko 6:13 amanenanso kuti ophunzira 12 aja atatumidwa awiriawiri ankadzoza mafuta odwala ambiri n'kuwachiritsa. M'ndime zonse ziwiri mafuta sakuyenda okha. Akubwera m'manja mwa anthu otumidwa, amene afika pamene pali wodwala n'kupemphera naye, ndipo Yakobo akutchula pemphero ngati chimene chipulumutsa. Ine njira iliyonse ndimaiyeza pamenepa: mafutawo akafika, kodi mpingo nawo wafika?

Chipangano Chakale chimaonjezera chenjezo. Pa Eksodo 30:22-33 Mose akupatsidwa kapangidwe ka mafuta odzozera ansembe ndi ziwiya za m'chihema: mure, sinamoni, bango lonunkhira, kasiya ndi mafuta a azitona, chilichonse ndi muyeso wake. Pomwepo pali chiletso chakuti munthu asapange ena ofanana nawo kapena kudzozera munthu wamba, ndipo wochita zimenezi achotsedwe pakati pa anthu ake.

Akatolika: mafuta atatu, koma a wodwala ndi amodzi

Chaka chilichonse, mmawa wa Lachinayi Loyera kapena tsiku lina loyandikira Pasaka, episkopi amasonkhanitsa ansembe a dayosizi yake ku Misa ya Krizima, kawirikawiri m'tchalitchi chake chachikulu, monga ku Maula ku Lilongwe kapena ku Limbe ku Blantyre. Patsogolo pake pamabwera mitsuko itatu, ndipo Misa ikatha wansembe aliyense amatengako gawo la parishi yake.

Mtsuko wina ndi wa mafuta a akatekumeni, odzozera pachifuwa munthu asanabatizidwe, popempha kuti alimbe pokana zoipa. Wina ndi wa krizima, mafuta osakaniza ndi zonunkhira zotchedwa balisamu. Krizima amapatula ndi episkopi yekha: amauzira mpweya pakamwa pa mtsukowo, kenako amapemphera, ansembe onse atatambasulira dzanja lamanja komweko. Ameneyu ndiye amadzozera paliwombo pa wobatizidwa kumene, pamphumi pa wolandira Ulimbitso, zikhatho za wansembe watsopano, mutu wa episkopi watsopano, guwa ndi makoma a tchalitchi chatsopano. Ubatizo, Ulimbitso ndi Unsembe sizibwerezedwa, ndiye krizima ndi mafuta opatulira munthu kuti akhale wa Khristu ndi kutumikira, ndipo m'chipinda cha wodwala salowa pokhapokha wodwalayo akufunika kulimbitsidwa asanafe. Mtsuko wachitatu ndiwo wa mafuta a odwala.

Malamulo a Mpingo amafuna kuti mafutawa akhale a chaka chimenecho, akale amatenthedwa. Amalolanso mafuta ofinyidwa ku mbewu zina m'malo mwa azitona. Papa Paulo VI ndiye adatsegula khomo limeneli pa mafuta a odwala m'chikalata chake cha pa 30 Novembala 1972, poona kuti m'madera ena azitona n'ngosowa kapena n'ngodula. Mfundoyi muisunge, chifukwa ikutanthauza kuti ngakhale Mpingo wosamala kwambiri za mafuta suika mphamvu yake pa dziko limene mtengowo udamera.

Tsopano mantha aja. Kwa zaka mazana ambiri sakramenti lodzoza wodwala ndi mafuta amenewa linkatchedwa kudzoza kotsiriza, ndipo linkaperekedwadi munthu akupuma modukizadukiza, wansembe n'kudzoza maso, makutu, mphuno, pakamwa, manja ndi mapazi. Agogo athu adaona zimenezo, n'chifukwa chake mpaka lero ena akaona njinga yamoto ya abambo yaima pakhomo la wodwala amayamba kufunsa za matabwa. Koma msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri udanena mu 1963 kuti dzina loyenera ndi kudzoza odwala, ndi kuti sakramentili si la okhawo amene ali pafupi kutsirizika. Nthawi yake imakwana munthu akangoyamba kukhala pangozi chifukwa cha matenda kapena ukalamba. Wopita ku opaleshoni yaikulu akhoza kudzozedwa. Nkhalamba yofooka ikhoza kudzozedwa ngakhale dokotala sanapeze nthenda yodziwika. Mwana amene wayamba kuzindikira akhoza kudzozedwa. Munthu akachira n'kudwalanso, kapena matenda omwewo akakula, amadzozedwanso.

Mwambo wake ndi waufupi. Wansembe amanyamula kachitini kachitsulo kokwana m'thumba la malaya, m'kati mwake muli thonje lonyowa ndi mafuta. Amawaza madzi odalitsa, ndipo ngati wodwala akufuna kulapa, ena onse amayamba atuluka. Akabwerera pamawerengedwa mawu a Mulungu, wansembe amasanjika manja pamutu pa wodwala ali chete, kenako amasindikiza chala chachikulu pathonje lija n'kulemba mtanda pamphumi ndi m'manja, akupempha kuti Ambuye amuthandize ndi chaulere cha Mzimu Woyera, amumasule ku machimo, amupulumutse ndi kumudzutsa. Pamene n'kotheka amamupatsanso Ukaristia.

Chimene ndimalemekeza pa njira imeneyi ndi chakuti silonjeza zopitirira. Mpingo umaphunzitsa kuti wodzozedwa amalandira mphamvu ndi mtendere wopirira matenda, amalumikizidwa ndi masautso a Khristu, amakhululukidwa machimo ngati sanathe kulapa, ndipo thupi limachira ngati kuchirako kuli kothandiza chipulumutso chake. Wodwala akamwalira palibe wouza mkazi wamasiye kuti chikhulupiriro chake chinali chochepa. Mtengo palibenso: lamulo la Mpingo limaletsa wansembe kupempha kanthu koposa chopereka chovomerezeka, ndipo limati wosauka asamanidwe sakramenti chifukwa cha umphawi.

Vuto lake ndi mtunda. Wodzoza ndi wansembe yekha basi. Katekisti, masisitere ndi atsogoleri a mphakati akhoza kupemphera ndi wodwala, ena mwa iwo kumubweretsera Ukaristia, koma kudzoza ayi. Chikalata cha ku Vatican cha 1997 chidaletsa osadzozedwa unsembe kudzoza odwala ndi mafuta a odwala ngakhalenso mafuta ena alionse. Kale sizinali choncho: mu 416 Papa Innocent I adalembera episkopi Decentius wa ku Gubbio kuti mafuta odalitsidwa ndi episkopi Akhristu onse akhoza kudzidzoza nawo iwo eni kapena abale awo pa matenda. Chiletso cha masiku ano chimateteza sakramenti kuti lisasanduke chithumwa cha m'chikwama, ndipo cholinga chimenecho ndikuchimvetsa. Komabe m'parishi ya ansembe awiri ndi nthambi zambirimbiri, nyengo ya mvula mitsinje itadzaza, agogo a kunthambi yakutali ndiwo amadikira. Chothandiza n'kupempha msanga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: uzani wapampando wa mphakati matenda akadali kumayambiriro, funsani tsiku limene abambo akubwera kudzachita Misa kunthambi kwanu, ndipo kumbukirani 11 Febuluwale, tsiku la odwala limene Papa Yohane Paulo II adakhazikitsa mu 1992, pamene maparishi ambiri amadzoza odwala ndi okalamba pa Misa.

A Orthodox ndi a Anglican

A Orthodox kuno kwathu ndi ochepa, koma kachitidwe kawo kamaonetsa bwino zimene Yakobo ankanena. Mwambo wawo wodzoza odwala, ukachitika mokwanira, umafuna ansembe 7, mawerengo 7 a makalata a atumwi ndi 7 a Uthenga Wabwino, chifukwa Yakobo adati akulu, osati mkulu mmodzi. M'mipingo yambiri ya mwambo wa Chigiriki, Lachitatu Loyera aliyense wofika kutchalitchi amadzozedwa, wodwala ndi wosadwala yemwe, poti uchimo nawo ndi nthenda. Mantha akuti mafuta ndi chizindikiro cha imfa sapeza malo pamenepo. Krizima wawo amaphikidwa ndi zonunkhira zambiri ndipo amapatulidwa ndi mtsogoleri wamkulu wa mpingo, osati chaka chilichonse. Ku Etchmiadzin, ku Armenia, mwambo wake ndi wa zaka 7 zilizonse, ndipo otsala akale amathiridwa mwa atsopano.

A Anglican adayenda njira yokhotakhota. Buku lawo la mapemphero la 1549 linkalola kudzoza wodwala akapempha, koma la 1552 lidachotsamo, ndipo mfundo zawo 39 zimawerenga Ubatizo ndi Mgonero okha ngati masakramenti a Uthenga Wabwino. Kudzoza kudabwereranso pang'onopang'ono, ndipo mpingo wa Anglican wa kuno, wobadwa mwa amishoni a ku England a UMCA (Universities' Mission to Central Africa) amene adamanga tchalitchi chachikulu cha ku Likoma, ndi wa mwambo woyandikana kwambiri ndi wa Akatolika. Mu Anglican wodwala aitane wansembe wake, ndipo zambiri zimene zanenedwa pamwambapa za Akatolika adzaziona.

CCAP ndi Seventh Day: akulu a mpingo

Martin Luther, amene adayambitsa Chiprotestanti, mu 1520 adakana kuti kudzoza kotsiriza ndi sakramenti, akunena kuti Yakobo ankakamba za kudzutsa wodwala pamene ansembe a nthawi yake ankadzoza omwalira okhaokha. John Calvin, mtsogoleri wina wa Chiprotestanti, adapitirira n'kunena kuti mphatso yochiritsa imene mafutawo ankaimira inali ya nthawi ya atumwi. Msonkhano waukulu wa maepiskopi Achikatolika wa ku Trent udawayankha mu 1551 potsimikiza kuti ndi sakramenti, ndipo njira zidapatukirana pamenepo. CCAP, yochokera ku mizu ya Calvin, ili ndi masakramenti awiri, Ubatizo ndi Mgonero, ndipo mafuta alibe malo mu onsewo.

Amene akuganiza kuti wodwala wa CCAP amasiyidwa yekha sadaonepo amayi a Mvano kapena a Chigwirizano akufika pamudzi ndi mtolo wa nkhuni, ufa ndi ndowa ya madzi, n'kukhala pakhonde kuyimba nyimbo zimene wodwalayo adakula nazo. Mkulu wa mpingo wa dera amakhala mudzi womwewo, sadikira mafuta a galimoto. Pa gawo la Yakobo lakuti mpingo ubwere, njira imeneyi imakhoza kwambiri. Kudandaula kwanga n'kwakuti gawo la mafuta lidasiyidwa. Munthu amene thupi likumuwawa amalakalaka pemphero lofika pathupi pomwepo, ndipo ndikuganiza kuti ludzu limeneli ndi limodzi mwa zinthu zimene zimatengera Akhristu okhulupirika a mipingo yathu yakale kwa ogulitsa mabotolo Loweruka, Lamulungu n'kudzakhala pabenchi lawo lakale.

A Seventh Day Adventist ali pakatikati. Kudzoza sakutcha sakramenti, koma ali ndi mwambo wake: wodwala kapena banja lake apempha, abusa ndi akulu abwera, awerenga Yakobo, apemphera, ndipo adzoza pamphumi ndi mafuta a azitona. Mpingo womwewo ndi umene uli ndi chipatala cha Malamulo ku Thyolo, ndiye kwa iwo mafuta ndi mankhwala sizilimbana. Kwa munthu amene sakhulupirira za masakramenti 7 koma akufuna kutsata Yakobo mmene adalembera, kachitidwe kameneka n'kosavuta kukateteza.

Mipingo ya Pentekoste: pali ziwiri zosiyana

Si chilungamo kuika onse m'thumba limodzi. Pali abusa a Pentekoste amene mukawaimbira foni usiku amadzuka, n'kufika ndi anzawo awiri kapena atatu, kutenga mafuta wamba, nthawi zina ophikira a m'khitchini mwanu momwemo, kuwapempherera, kudzoza wodwala n'kubwerera osalandira kanthu. Ameneyu watsata Yakobo. Changu chawo ndi chiyembekezo chawo chakuti Mulungu amachiritsa lero lomwe ziyenera kuchititsa manyazi mipingo imene imapempherera odwala ngati yataya kale mtima. Chosamala ndi zimene zimanenedwa machiritso akachedwa. Abusa akayamba kunena kuti wodwala alibe chikhulupiriro, kapena kuloza azakhali ena kuti ndiwo adamulodza, banja limatsala ndi mabala awiri.

Chachiwiri ndi kabotolo kogulitsa kaja, kamene ambiri amangokatcha anointing oil, kokhala ndi chithunzi cha mneneri, nthawi zina kolembedwa kuti kachokera ku Israel, ndi mitengo yosiyana malinga ndi kukula kwake. Anthu amapaka pa kalata yofunsira ntchito, pa pasipoti, pa matayala a minibasi, pa katundu wa geni, ena amamwa kumene. Sindikuseka ogula, chifukwa ambiri ndi anthu amene mavuto awafinya ndipo ayesa makomo onse. Oteteza mchitidwewu amatchula Machitidwe 19:11-12, pamene nsalu zokhudza thupi la Paulo zinkapita kwa odwala n'kuwachiritsa. Ndimeyo ilipodi, koma imazitcha zozizwitsa zosakhala zawamba, ndipo palibe pamene akunena kuti wina adalipira. Buku lomwelo, pa 8:18-20, likusimba za Simoni amene adapereka ndalama kuti agule mphamvu yopatsa Mzimu Woyera, Petulo n'kumuuza kuti atayike pamodzi ndi ndalama zakezo. Pa Mateyu 10:8 Yesu akutuma ophunzira kukachiritsa odwala, ndipo pomwepo akuwauza kuti adalandira kwaulere, apereke kwaulere.

Poyeza ndi Yakobo, kabotoloka kakuperewera ponseponse. Palibe mkulu wa mpingo amene walowa m'nyumba, palibe amene wamva kulapa kwa wodwala, palibe amene adzabwerenso sabata yamawa. Wopanda ndalama alibe gawo. Ndipo anthu akakhulupirira kuti mphamvu ili m'mafuta enieniwo, amawalimbirana. Pa 1 Febuluwale 2020 ku Moshi, m'dziko la Tanzania, anthu osachepera 20 adafa poponderezana pothamangira kukaponda mafuta odalitsidwa pa msonkhano wa mapemphero. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akukhala, bungwe la boma la CRL Rights Commission lidafufuza za kusandutsa chipembedzo kukhala malonda ndipo lidatulutsa lipoti lake mu 2017. Akatolika nawo asadzione oyera pano: mafuta ochokera kumalo oyera ndi ena odalitsidwa wamba si sakramenti, ndipo kuwasunga pansi pa pilo poopa mfiti kulibe kusiyana ndi kabotolo ka mneneri.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sichifuna kukambirana. Aliyense wobwera ndi mafuta n'kunena kuti wodwala asiye ma ARV, mankhwala a shuga, a BP, a TB kapena a khunyu, muperekezeni kuchipata, kaya wavala kolala kaya suti. Msamariya wachifundo pa Luka 10:34 adathira mafuta ndi vinyo pamabala chifukwa ndiwo anali mankhwala a nthawi imeneyo, kenako adatengera wovulalayo kunyumba ya alendo n'kulipira kuti asamalidwe. Dokotala yekha ndiye wosintha mankhwala.

Tsono musankhe iti?

Pa banja losakanikirana, wosankha akhale wodwalayo, ndipo ngati satha kulankhula, tsatani chikhulupiriro chimene ankayendamo ali bwino. Mwana wa ku felowushipi asakanize wansembe wa mayi ake, ndipo mwana Wachikatolika asathamangitse akulu a mpingo a bambo ake. Onse akhoza kupemphera m'chipinda chimodzi, aliyense nthawi yake. Pakati pa njira zonsezi, ya wansembe, ya akulu a mpingo ndi ya abusa obwera okha pakhomo ndikhoza kuzivomereza kwa munthu aliyense monga mwa mpingo wake, ngakhale ziphunzitso zake zikusiyana kwenikweni pa funso lakuti kudzoza ndi sakramenti kapena ndi pemphero lokhala ndi chizindikiro. Ya botolo logula ndiyo sindingalangize munthu.

Akatolika adziwenso malire ake. Wansembe sadzoza munthu wa mpingo wina chifukwa choti gadiyani wake ndi Mkatolika. Wa Orthodox akapempha yekha akhoza kudzozedwa. Mkhristu wa mpingo wina akhoza kudzozedwa ali pangozi ya imfa, ngati sangathe kupeza mtumiki wa mpingo wake, wapempha mwa kufuna kwake ndipo akukhulupirira zimene Akatolika amakhulupirira za sakramentilo. Mkatolika amene wakomoka amadzozedwa ngati zikudziwika kuti akadapempha ali maso. Pamene pali kukayika ngati wamwalira kapena ayi, wansembe amadzoza, koma akapeza kuti wamwaliradi sadzoza mtembo, amangoupempherera. Ngati muli kuchipatala, funsani anamwino kapena magadiyani anzanu za wansembe kapena abusa oyendera odwala, muwauze wodi ndi bedi, ndipo munene msanga ngati wodwala akuthabe kumeza, kuti wansembe adziwe ngati abwere ndi Ukaristia.